Galimoto Yopita ku Yui

Loweruka m'mawa, mvula itakata, Tomie Hosaka anali pakhonde akumangirira zipatso za kaki pachingwe kuti ziume. Kuseri kwa mpanda kunamveka mawu a Kazue, mwana wa aneba ake, ndipo sanali mawu a munthu wobwera kudzacheza ndi makolo.

"Ndiye mukuti yapita kuti, bambo? Galimoto imamera miyendo?"

Tomie anapukuta manja n'kuponda nsapato. Zaka makumi atatu ndi zinayi anazithera panjinga yamoto ya positi, akugawa makalata khomo ndi khomo m'minda ya mphesa ya ku Katsunuma. Ntchitoyo anapuma kalekale, koma phazi lake linali lisanaphunzire kumva phokoso kwa mnansi n'kukhala pansi.

Anapeza a Kiyoshi Nagasaka ataima pakhomo pa shedi, manja kumbuyo. Anali mdala wamfupi, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi, msana utapindika chifukwa choweramira moyo wonse pansi pa mathandala a mphesa. M'shedimo munali mipope yopopera mankhwala, mabokosi opanda kanthu, ndi malo ouma pamene pankagona kagalimoto kawo koyera.

"Yabedwa," anatero Kazue, moni osapereka. Anali adakali m'zovala zaunamwino. "Ndachokera kuntchito ku Kofu, ndawapeza akumwa tiyi. Galimoto yabedwa, iwo ali phee, akumwa tiyi."

"Umafuna ndimwe chiyani?" anafunsa a Kiyoshi.

Panalibe munthu m'mudzimo wosadziwa za ulendo wa Lamulungu. Akazi awo, a Michiyo, anabadwira ku Yui, m'mphepete mwa nyanja, mwana wa msodzi wa tinkhanu, ndipo anakwatiwira kumapiri kuno zaka makumi asanu ndi ziwiri zapitazo. Zaka ziwiri zomalizazi mutu wawo unayamba kutaya zinthu: mayina a anthu, masiku, nthawi zina njira ya kubafa m'nyumba mwawo momwe. Koma dzuwa likamapendeka ankaima pawindo n'kufunsa kuti nyanja yapita kuti. Ndiye pokolola a Kiyoshi anawalonjeza kuti mphesa zomaliza zikangolowa m'migolo, apita nawo.

Mwezi wathunthu mdalayo anali pa mapu. Msewu watsopano uja woboola mapiri anaukana, ankati munthu sangapite kukaona nyanja kudzera m'una ngati mfuko. Anasankha wakale, wotsata mtsinje wa Fuji kudutsa ku Minobu mpaka kukatulukira ku Okitsu, kenako n'kukhotera m'mbali mwa madzi. Masana akadye tinkhanu tokazinga padoko la Yui, akwere pachitunda cha Satta kukaona phiri litaima pamwamba pa nyanja, abwerere kusanade. Tomie ulendowu anali ataumva kasanu ndi kawiri, moti akanatha kuuyenda atatsinzina.

"Makiyi anali kuti, achimwene?" anafunsa.

"Momwemo. Zaka zonsezi ndimawasiya momwemo."

"Mwaiona liti komaliza?"

"Dzulo madzulo. Lero ndatuluka seveni koloko, kulibe."

"Seveni isanakwane simunatulukeko?"

"Ndituluke kukatani ndi mvula ija?"

"Apolisi ndawaimbira kale," anatero Kazue. "A Mochizuki akubwera."

Apa mpamene Tomie anaona nkhope ya a Kiyoshi ikusintha. Nthawi yonseyi inali ya munthu woyang'ana munda wa mnzake. Tsopano inafanana ndi ya munthu amene waberedwadi.

"Wawavutitsiranji anthu? Kagalimoto kokalamba ngati kameneka."

Tomie analowa m'shedi. Pa shelefu ya kumanja panali katsamiro kamaluwa, kabulangete kopindidwa bwino, ndi ndodo yoyendera itagonekedwa pamwamba pake.

"Kazue, izi zimakhala kuti?"

"M'galimoto. Ndi za amayi." Kazue anakwinya nkhope. "Zafika bwanji pamenepo?"

"Wakuba wake ndi waulemu," anatero Tomie.

Anatsata mapazi a matayala m'matope mpaka pachipata. Pa mwala wa kumanzere panali mzere wa penti yoyera, watsopano, wotalika ngati mkono. Kupitirira apo kunali phula, ndipo mvula inali itatsuka zonse.

* * *

Tomie anamukokera Kazue pambali, kuseri kwa thanki ya madzi.

"Iwe, usandibisire. Mwezi watha unanena pagulu kuti tsiku lina uwalanda makiyi bambo ako."

"Ndinanena, anti. Ndipo ndikanakhala ndi mtima wolimba bwenzi nditawalanda."

"Usiku wathawu unali kuti?"

"Muwodi, kuyambira dzulo mpaka eyiti koloko lero. Odwala makumi atatu angakuuzeni, amene anagona ndi amene sanagone." Kazue anatikita maso ake ofiira. "Mukuganiza kuti ndingawachite zimenezi amayi? Chikwama akhala akulongedza kuyambira Lolemba. Amalongedza, n'kuiwala, n'kumasula, n'kuyambiranso. Ine ndinangopempha kuti ndiyendetse ndine. Mukudziwa anandiyankha chiyani? Akuti, 'Kumapiri kuno ndinabwera naye ndine, kunyanjako ndipita naye ndine.'"

Tomie anapempha madzi akumwa, ngakhale analibe ludzu. Polowa m'nyumba, pamalo ovulira nsapato, anaona jekete la mvula la a Kiyoshi litapachikidwa pamsomali. Pansi pake panali kadziwe. Analikhudza paphewa: linali lonyowa chonyoweratu. 

Patebulo la kukhitchini panali mapu ndi kope la ulendo. Dzanja la a Kiyoshi ankalidziwa ngati lake lomwe. Chaka chilichonse ankanyamula makadi awo a Chaka Chatsopano oposa zana, olembedwa tizilembo ting'onoting'ono, toyera ngati mpunga wopetedwa. Anatsegula kopelo. Patsamba loyamba dzanja linali lomwelo, koma lokulirapo. Patsamba lachinayi cholembera chinasintha, chinakhala chija chakuda cholembera pamabokosi. Patsamba lomaliza panali mawu awiri okha, Okitsu ndi Yui, ndipo anadzaza tsamba lonse.

Anatseka kopelo mofulumira atamva Kazue akubwera ndi madzi.

* * *

Msewu wochokera kwa a Nagasaka ukatsika umakathera pomwetsera mafuta pa a Tsuchiya, bambo wonenepa amene pakamwa pake sipankadziwa tchuthi.

"Yabedwa? Ya a Kiyoshi? Akuba amasiku ano alibe maso, ndithu. Aja anaba mphesa chaka chatha anabwera ndi lole, anthu odziwa chimene akufuna. Koma kaja? Ukakagulitsa ndani angakagule? Komatu Lachitatu ndakamwetsa ndekha mpaka pakamwa. Matayala anandiyezetsa kawiri. Ndati, 'Bambo, mukupita ku Yui kapena kumwezi?'"

"Lero mwatsegula nthawi yanji?"

"Ine? Faifi koloko ndinali pano, mvula isanayambe. Inayamba hafu faifi, yakata hafu sikisi, ndinayang'ana wotchi chifukwa ndimafuna kukolopa."

"Galimoto yoyera yatsikapo?"

"Yatsika ya mkaka, yatsika ya mwana wa a Furuya amene amathamanga ngati wapsa nyumba. Yoyera ayi. Ndikanaiona. Ndikanaimva n'komwe, imatsokomola ngati mwini wake."

"Lachitatulo munawaona bwanji a Kiyoshi?"

A Tsuchiya anakanda m'mutu. "Bwinobwino. Kungoti anaimika kutali ndi pampu, paipi osafika, mpaka ndinachita kuwakodola kuti asendere. Kenako ndinawaonetsa zanyengo pafoni, kuti Lamulungu kudzacha bwino. Akuti, 'Werenga iweyo, magalasi ndaiwala.'" Anaseka. "Magalasi ali pamphuno. Ukalamba, amayi. Tonse tikupita komweko."

Tomie sanaseke. Anayang'ana msewu wokwera. Ngati galimoto sinatsike ndiye kuti inakwera, ndipo kumtundako kunali khomo limodzi lokha msewu usanathere m'nkhalango.

Asanaponye phazi, foni yake inalira. Anali Kazue.

"Anti, yapezeka. Ili kwa a Fukasawa. Ndipo avomera."

* * *

A Shozo Fukasawa ndi a Kiyoshi anayamba sukulu tsiku limodzi, anakhala benchi imodzi, anakwatira chaka chimodzi. Udani wawo unayamba zaka makumi anayi zapitazo pa phwando la alimi, pamene a Shozo analawa vinyo wa a Kiyoshi n'kunena kuti ndi wabwino kutsukira mapazi. Chiyambire tsikulo sanapatsanepo moni. Akakumana pamsewu ankangotukwanizana, ndipo tsiku likadutsa osakumana, aliyense ankafunsa akazi ake ngati mnzakeyo akudwala.

Galimoto inali kuseri kwa migolo, itafundidwa lona ndi maukonde otchingira mbalame. A Shozo anakhala pabokosi, chimunthu chachitali ngati mlongoti, mwendo wakumanja utatambasulidwa m'chikhakha kuyambira pabondo mpaka kuzala. Anathyoka masabata atatu apitawo ataterereka m'munda. Pafupi nawo panaima wapolisi wa m'mudzimo, a Mochizuki, bambo wofatsa amene anali atangosamutsidwira kuno chaka chomwecho. Kazue anaima patali, manja atapinda pachifuwa.

"Ndaba ndine. Lembani," anatero a Shozo.

"Chifukwa chake, bambo?" anafunsa wapolisiyo.

"Nkhope yake imandinyansa."

"Chimenecho chokha?"

"Simunaione?"

A Mochizuki anapumira m'mwamba. "Bambo, izi si zoseka. Dandaulo lalowa, galimoto yapezeka m'shedi mwanu, inu mwavomera. Ndiyenera kupita nanu kupolisi yaikulu. Mawa dzina lanu likhala m'nyuzipepala, ndipo mukudziwa nokha kuti malo odyera aja amene amatenga vinyo wanu adzaliwerenga."

"Aliwerenge. Ndipatseni ndodo zanga."

"Amayi akhala akulongedza sabata yathunthu," anatero Kazue. "Pa chidani chanu ndi bambo, iwo alakwapo chiyani?"

A Shozo anayang'ana pansi. Khosi lawo linafiira.

Tomie anazungulira galimotoyo. Kumanzere, kuyambira pachitseko mpaka kumbuyo, penti inali itakalika.

"Achimwene a Shozo, mwaitenga nthawi yanji?"

"M'bandakucha."

"Mwatsikira kwa a Kiyoshi pandodo, mvula ikugwa?"

"Ee."

"Chikhakhacho chauma msanga. Nanga poyendetsa mwaponda ndi phazi liti?"

"Lamanzere. Ndi mlandu?"

Tomie anatsegula chitseko cha woyendetsa. Mpando unali utasenderera kutsogolo mpaka kutsala pang'ono kupsompsona chiwongolero, ndipo pamwamba pake panali bulangete lopindidwa kanayi, lokwezera munthu wamfupi.

"Talowani mukhale, tione."

 Wapolisi anayang'ana mpandowo, anayang'ana miyendo ya a Shozo, anayang'ananso mpandowo.

"Iwe Tomie," anatero a Shozo motsitsa mawu, "zaka zonsezi sunasiye kusuzumira m'makalata a anthu?"

"Ndinkawerenga pamwamba pokha. Zam'kati anthu ankandiuza okha ndi nkhope." Anatembenukira kwa wapolisi. "Bwana, ndipatseni theka la ola musanawanyamule. Pali mboni imodzi imene palibe waifunsa."

"Ndani?" anafunsa Kazue.

"Amayi ako."

* * *

A Michiyo anali m'chipinda chochezera, atagwada pamphasa pambali pa chikwama chotsegula. Anali mayi wochepa thupi, tsitsi la mbuu, manja osakhazikika. Ataona Tomie nkhope yawo inawala.

"Mtsikana wa makalata uja. Muli ndi yanga?"

"Lero ayi, mayi. Mwina mawa."

"Mawa kulibe munthu pano. Tikupita kwathu." Anaika malaya m'chikwama, n'kuwatulutsanso. "Bambo anga akhala atabwerako kunyanja. Amakwiya tikachedwa."

Tomie anagwada pafupi nawo n'kuyamba kuwathandiza kupinda. Bambo awowo anamwalira Tomie ali pasukulu, koma sanawakumbutse.

"Mayi, m'mawa uno munadzuka msanga?"

"Ine ndimadzuka ndi mabwato."

"Munaona chiyani pawindo?"

"Bambo a Kazue." Anamwetulira ngati munthu amene wagwira mwana akuba shuga. "Anapita atakhala, abwera akuyenda. Atanyowa ngati mphaka. Ndinawafunsa kuti mwaisiya kuti, iwo akuti gona. Mwamuna uyu bodza salitha. Tsiku lobwera kudzandifunsira anawauza bambo kuti amadziwa kusambira."

"Ankadziwa?"

"Anamuvuula ndi ukonde."

Anaseka mpaka kugwira pamimba, ndipo Tomie anaseka nawo. Kenako a Michiyo anayang'ana malaya anali m'manja mwawo ngati sakuwadziwa, n'kufunsa ngati Tomie wabweretsa kalata.

* * *

Tomie anawapeza a Kiyoshi kumunda, pansi pa thandala, masamba achikasu akuwagwera pamapewa. M'manja anagwira sizasi yodulira, koma sankadula kanthu. Tomie anaima patsogolo pawo, mapazi khumi okha, osalankhula. Mdalayo anamuyang'ana, anapendeketsa mutu ngati nkhuku, n'kumuyang'ananso cha m'mbali.

"Ndani?"

"Ndine Tomie, achimwene."

A Kiyoshi anadziwa kuti adziulula okha. Anakhala pansi pabokosi pang'onopang'ono.

"Jekete lanu likudontha," anatero Tomie. "Mvula yakata hafu sikisi, inu mukuti mwatuluka seveni. Wakuba sachotsa katsamiro ka mkazi wa mwini galimoto kuti kasasowe. Ndipo chipata chija mwadutsapo zaka makumi asanu osachikhudza. Ndaona ndi kope lanu."

"Unalibe chilolezo."

"Ndinalibe. Maso anayamba liti?"



"Chaka chatha. Pakati penipeni pamakhala chifunga. M'mbali ndimaona, koma chimene ndachiyang'ana ndi chimene chimasowa. Mu Seputembala ndinakwera sitima kupita kwa dokotala ku Kofu, ndinanama kuti ndikukagula mankhwala a mphesa. Akuti kuchedwetsa angathe, kubweza ayi. Anati galimoto ndisiye tsiku lomwelo." Anatembenuza sizasi m'manja. "Ndinati ulendo umodzi wokha. Msewu ndikuudziwa. Ndinauloweza wonse, mlatho ndi mlatho, kuti ndisadalire zikwangwani. Ndiye Lachinayi ndinati ndiyesere, ndifike pamlatho pokha. Pokhota paja panali mayi akukankha kangolo ka ndiwo. Sindinamuone, Tomie. Ndinangomva kukuwa. Ndinaima patatsala ngati chikhatho ichi."

"Bwanji osangomuuza Kazue kuti ayendetse?"

"Ndimuuze kuti sindiona?" anafunsa a Kiyoshi. "Amayi akewo amawasambitsa ndani? Mankhwala amawapatsa ndani? Akadzuka osadziwa kumene ali, amagwira dzanja la ndani? Kazue anabwera kale ndi timapepala ta nyumba yosungira okalamba. Ndinamuuza kuti ine ndilipo, ndili ndi mphamvu, ndili ndi maso. Akangodziwa, amutenga mkazi wanga. Ndipo kumeneko akamadzuka usiku adzapeza nkhope yachilendo."

"Ndiye munati galimoto ibedwe."

"Sabata imodzi yokha. Kuzizire, ndinene kuti nyengo yatha, tidzapita chaka chamawa. Iye akanaiwala." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Kuiwala kwakeko ndi kumene ndinadalira. Wandimva? Munthu amene wandiphikira zaka makumi asanu."

Tomie sanawatonthoze, sanawadzudzule. Anafunsa za a Shozo.

"Ndinagogoda hafu faifi. Anatuluka pandodo, anayang'ana galimoto, anayang'ana pokalika paja, anandiyang'ana ine. Akuti, 'Ika kuseri kwa migolo, chitsiru iwe.' Sanafunse kanthu."

"Panopa akuwatengera kupolisi yaikulu. Avomera kuti aba ndi iwo."

A Kiyoshi anadzuka ngati alumidwa ndi mavu. Sizasi inagwera m'masamba.

"Wavomera chiyani?"

"Akuti nkhope yanu imawanyansa."

"Galu ameneyu," anatero mdalayo. "Galu wachabechabe ameneyu." Anali atayamba kale kuyenda, ndipo Tomie anachita kuthamangira kuti awagwire mkono asanagunde nsanamira.

* * *

A Kiyoshi anazinena zonse ataimirira pakati pa shedi ya a Shozo, chipewa chili m'manja, maso ali kumene ankaganiza kuti kuli mwana wawo. Ananena za dokotala, za mayi wa kangolo, za m'mawa uja. Atamaliza anaweramira wapolisi mpaka mutu kufika m'mawondo.

"Ndakutayitsani nthawi, bwana. Uyu alibe mlandu. Mlandu wake ndi vinyo woipa basi."

"Ukanangokhala chete, chitsiru," anatero a Shozo. "Ndinali nditatsala pang'ono kukwera galimoto ya boma."

A Mochizuki anayang'ana zimene analemba, kenako anatseka kabuku kawo. "Munthu sangabe galimoto yake yomwe. Koma laisensi ija, bambo, Lolemba tipitira limodzi mukaibweze. Ndidzakutengani ndine."

"Ndamva."

 Kazue anayandikira bambo ake mpaka kuima pamaso pawo penipeni, n'kukweza dzanja.

"Zala zingati?"

"Usandiyese ngati wodwala wako."

"Zingati, bambo?"

A Kiyoshi anapendeketsa mutu. "Zitatu."

Zinali ziwiri. Kazue anatsitsa dzanjalo n'kubisa nkhope yake paphewa la bambo akewo, ngakhale anawaposa msinkhu. Mapewa ake ankagwedezeka.

"Ine namwino," ankatero, "namwino wa zaka makumi awiri pantchito. Ndimabwera Loweruka lililonse, osaona."

"Ndinkakhala kumbali ya kuwindo kuti usaone."

"Ndani anakuuzani kuti ndikufuna kuwalanda amayi?"

"Timapepala tija."

"Tija ndi ta masana okha, bambo. Kuwatenga m'mawa, kuwabweza madzulo, kuti inu mupumeko. Simunatiwerenge?" Anadzimva yekha chimene wafunsa, n'kutseka pakamwa ndi dzanja.

"Sindikukulonjezani kuti zonse zikhala mmene zinalili," anapitiriza atapukuta misozi. "Lolemba tikhala pansi, tikambirane, ndipo mudzakwiya. Koma zimenezo ndi za Lolemba. Tinyamuka nthawi yanji mawa?"

A Kiyoshi anavala chipewa chawo. "Hafu seveni. Tikachedwa tikapeza mzere padoko."

"Tomie apite nawo," anatero a Shozo. "Pafunika wina wamutu m'galimotomo."

* * *

Lamulungu kunacha kopanda mtambo. Kazue anagwira chiwongolero, Tomie anakhala pambali pake ndi mapu pamiyendo, koma sanawatsegule n'kamodzi komwe. Kumbuyo a Kiyoshi ankatchula msewu usanafike: mlatho wachitsulo ukubwera, ukatha ukhotere kumanzere, apa uchepetse chifukwa malole amatulukira mwadzidzidzi. Sanaphonye ngakhale pamodzi. Mtsinje unkayenda nawo limodzi, nthawi zina kumanja, nthawi zina kumanzere, mapiri atafiira mbali zonse. A Michiyo anagona kuyambira ku Minobu, mutu uli paphewa la amuna awo.

Atatsala pang'ono kufika ku Okitsu, nyumba zikutchingabe kutsogolo, a Michiyo anadzidzimuka. Anatsitsa galasi okha, chinthu chimene anali asanachite kwa chaka, n'kukoka mpweya.

"Tafika," anatero.

Padoko la Yui anakana kudya kaye. Anatsika, anadutsa mabokosi a asodzi ndi maukonde oyanikidwa, akuyenda mwachangu moti Kazue anachita kuwathamangira. Anakaima pakhoma lotchinga mafunde. A Kiyoshi anafika pambuyo, n'kuima pambali pawo, nkhope italoza kumadzi. Tomie anawaona akupendeketsa mutu uku ndi uku, kufunafuna pamene nyanja yathera ndi pamene thambo layambira.

A Michiyo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Simukuona, eti?"

"Ndikuona."

"Bodza. Tiyi mumandithirira pambali pa kapu." Analowetsa dzanja lawo m'khwapa mwa amuna awo n'kuwatembenuza pang'ono. "Imani chonchi. Kutsogolo kwanuku kuli mabwato awiri, amayenda awiriawiri chifukwa ukonde ndi umodzi. Lakumanjalo ndi lobiriwira. Uko kumene kukuchokera mphepo ndi ku Izu, lero kukuoneka mpaka mitengo. Tsopano tembenukani. Ayi, kwambiri. Apo. Phiri lili apo, lavala chipale chofewa mpaka m'mapewa."

"Lonse likuoneka?"

"Lonse. Pansi pakepo pali mwala wakuda umene tinkadumphirapo ndi achemwali anga. Madzi akaphwa mumakhala nkhono."

Kazue anafuna kuyandikira, koma Tomie anamugwira dzanja.

"Asiye. Tiye tikaime pamzere wa tinkhanu."

Mzerewo unali wautali, ndipo anaimapo pafupifupi ola lathunthu. Nthawi iliyonse Tomie akacheuka ankawaona awiriwo ali pomwe paja, mayi akuloza ndi chala, mdala akugwedeza mutu. Atabwera ndi mbale zotentha, anapeza a Michiyo afika pa mayina a mabwato a m'mudzi mwawo ndi eni ake, limodzi ndi limodzi, ndipo a Kiyoshi anakweza dzanja kuti asawadule mawu.